Chithunzi cha mumsewu chikalakwika, funsani manambala ndi mapazi

Tumizani chithunzi cha mumsewu pa gulu la anzanu ojambula, mayankho ake ndi odziwika kale: "Moto uwu!", "Mwatha bwana", kenaka timitima tofiira ndandanda. Mawu otere amakoma m'khutu, koma chithunzi chimene mujambule mawa chidzakhala chimodzimodzi ndi cha lero. Amene amakusunthani ndi mnzanu woloza chala n'kunena kuti, "Nkhope ya mayiwa yada, ndipo polo ya magetsi ikuoneka ngati yamera pamutu pawo." Akatero ndiye kuti ntchito yayamba, chifukwa cholakwika chilichonse chili ndi komwe chinachokera. Nthawi zambiri chimapezeka pa manambala amene anali pa kamera, pomwe mapazi anu anaima, kapena kamphindi kamene chala chinadina. Kudzudzula kosafika pamenepo ndi macheza chabe.

Wopempha anzake kuti amuunikire chithunzi azipereka manambala anayi: liwiro la shata (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, monga 1/500 ya sekondi), aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi, monga f/8), ISO (mphamvu imene kamera imamvera nayo kuwala), ndi mamilimita a lenzi. Kutumiza chithunzi popanda zimenezi kuli ngati kupita kuchipatala mutasiya buku lanu kunyumba, dokotala angoganizira. Kamera imalemba yokha manambalawa mkati mwa fayilo, pamalo otchedwa EXIF. Vuto ndi loti WhatsApp imafufuta zimenezi mukatumiza mwa njira ya masiku onse, ndipo imachifinya chithunzicho mpaka tsitsi ndi ulusi wa chitenje zimasanduka phala. Tumizani ngati document. Bandulo idyekako, koma wounikayo aona chimene kamera inaona.

Dandaulo lofala kuposa onse ndi lakuti chithunzi chatuluka mwachimbuuzi. Mawu amenewa amabisa matenda osiyanasiyana, ndipo mankhwala ake si amodzi. Kuzani chithunzicho pa kompyuta mpaka 100%, musuzumire. Ngati zonse, munthu, khoma ndi zolemba za pa sitolo, zakokekera mbali imodzi, ndiye kuti dzanja lanu linagwedezeka. Ngati zolemba za pakhoma zikuwerengeka bwinobwino koma munthu woyendayo ndiye wafufutika manja ndi miyendo, shata inachedwa kutseka. Ngati munthuyo ndi wa mbuu koma minibasi ya kumbuyo kwake ikuoneka ngwee mpaka nambala yake, fokasi inagwira polakwika. Pali lachinayi lomwe limavuta a mafoni kukamada: nkhope imasalala ngati yopakidwa sera, chifukwa foni yakweza ISO kenaka n'kupukuta timadontho pamodzi ndi makwinya a pakhungu.

Vuto la shata ndilo limagwira anthu ambiri, chifukwa kamera ikasiyidwa pa Auto siidziwa kuti mumsewu anthu saima. Imatha kusankha 1/60, liwiro lokwanira munthu wokhala pampando mu situdiyo. Munthu woyenda amafuna 1/250 pang'ono pokha, ndipo 1/500 ndiye imakupatsani mtendere, makamaka ngati akudutsa chopingasa pafupi nanu. Wakabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto amafuna 1/1000. Mukafuna kuti liwiro lake lioneke, tsikani dala kufika 1/30, mumutsatire ndi kamera potembenuza chiuno, osati manja okha, ndipo mudine muli chitembenukire. Zambiri zitayika. Chimodzi chotsalacho chionetsa wakabaza ali bwinobwino, kumbuyo kwake kutasanduka mizeremizere.

Poyambira pabwino masana ndi apa: kamera pa M (pomwe manambala mumaika nokha), shata 1/500, aperture f/8, ISO pa Auto, malire ake 3200, kapena 1600 ngati kamera ndi yakale. Manambalawa sanangotoledwa. Pa dzuwa la phwee, lamulo lakale la ojambula limati pa f/16 shata ifanane ndi ISO, kutanthauza 1/100 pa ISO 100. Mukatsegula kufika f/8 kuwala kumachuluka kanayi, shata n'kukhala 1/400. Choncho 1/500 pa f/8 imagwera pa ISO ya pansi penipeni padzuwa, ndipo mukalowa pamthunzi kamera imangokweza ISO kufika cha m'ma 1000 osakhudza zinazo. Makamera ena otsika mtengo salola kuchepetsa kapena kuwonjezera kuwala mukakhala pa M ndi Auto ISO. Zikatero pitani pa A kapena Av (pomwe inu mumasankha aperture, kamera n'kusankha shata), f/8, ISO 400: padzuwa mupeza shata ya 1/1600, pamthunzi igwa kufika cha m'ma 1/200, ndipo pamenepo kwezani ISO kufika 800 kapena 1600 musanadine. Chithunzi cha timadontho chimakonzeka. Chogwedezeka sichikonzeka.

Ambiri akangogula lenzi ya 50mm f/1.8 amafuna kujambula chilichonse pa f/1.8, kuti kumbuyo kusungunuke ngati zithunzi za paukwati. Mumsewu zimenezi zimapweteketsa. Pa kamera ya sensa (kachipangizo ka mkati kolandira kuwala) yaing'ono, monga Nikon D3200 kapena Canon 700D, 50mm imaona ngati 75mm kapena 80mm ya pa kamera ya sensa yaikulu, ndipo munthu akaima mamita atatu kuchoka pa inu, malo ooneka bwino pa f/1.8 ndi pafupifupi masentimita 25 okha. Akangoponya phazi limodzi watulukamo. Komanso kumbuyo kumene mukusungunulako ndi komwe kuli tauniyo. Mukafufuta zikwangwani, mizere ya minibasi ndi milu ya kaunjika, chatsala ndi nkhope yomwe ikanajambulidwa paliponse. Lenzi ija inabwera ndi kamera, ya 18-55mm, imene ambiri amaichitira manyazi, ndiyo yoyenera ntchitoyi. Ikani pa 24mm, mumate tepi pa mkombero wa zumu, mukhale nayo choncho mwezi wathunthu. Maso amazolowera kukula kwa fulemu, ndipo mumayamba kudziwa zimene zilowe musanakweze n'komwe kamera.

Pa mamilimita ochepa chonchi mungathenso kusiya kudalira fokasi ya kamera, imene pagulu la anthu imakonda kulumphira pa chinthu chowala cha kumbuyo. Imani mapazi anayi aatali kuchoka pa polo kapena khoma, pafupifupi mamita atatu. Lozani pamenepo kamera igwire, kenaka sinthani kabatani ka pa lenzi kuchoka pa AF (fokasi ya kamera yokha) kupita pa MF (fokasi ya pamanja), mumatenso tepi pa mkombero wa fokasi. Pa 24mm ndi f/8, chilichonse kuyambira mita imodzi ndi theka kufika kutsidya kwa msewu chituluka bwino. Mukaika fokasi pa mamita awiri, malo abwinowo amayambira pa mita imodzi ndi pang'ono kukathera cha pa mamita anayi ndi theka, zomwe zimakwanira m'tinjira topanikiza ta mumsika. Kamera imadina nthawi yomweyo osayamba yasakasaka. Mukakhudza zumu, kapena mukazimitsa kamera pa malenzi ena atsopano, fokasi imasuntha, ndiye yambaninso.

Tsopano kuwala, komwe kuno kwathu ndi nkhani yaikulu kuposa momwe maphunziro ambiri a pa YouTube amanenera. Ambiri mwa ophunzitsawo amajambula ku London kapena New York, komwe dzuwa silifika pamutu chaka chonse. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala kulowa Novembala, komanso mu Febuluwale. Likakhala pamenepo, maso a munthu amalowa m'maenje amdima, chipumi ndi mphuno zimanyezimira, ndipo wovala chipewa nkhope yake imasoweratu. Onjezani kuti mita yoyeza kuwala ya m'kamera imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chotuwa mwapakati. Ikaona minibasi yoyera, shati yoyera ya kondakitala ndi malata owala, imatsitsa kuwala, khungu lakuda n'kumira. Mukakweza kuti nkhope ioneke, shati ija imapserera, ndipo chopserera sichibwereranso ngakhale mutakoka zotani pa pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Lightroom.

Njira yoyamba ndi kuteteza zoyerazo. Yatsani chenjezo lija lophethiraphethira pa sikirini, limene Nikon imalitcha Highlights, tsitsani kuwala ndi -0.3 kapena -0.7 mpaka shati isiye kuphethira, jambulani RAW (fayilo yosunga zonse zimene sensa inaona), kenaka mukakweze mithunzi pokonza. JPEG silolera kukokedwa chonchi. Nkhope imatuluka yotuwa ngati yopakidwa phulusa. Ngakhale pa RAW musapyole muyeso. Khungu lakuda liyenera kuoneka lakuda, lili ndi kunyezimira kwake, ndipo wounika amene amangoti "walitsani nkhope" pa chithunzi chilichonse akufuna kusintha munthuyo, osati chithunzicho.

Njira yachiwiri ndi yabwino kuposa yoyambayo, ndipo siifuna kompyuta: sakani khonde. Pamakonde a masitolo a ku Limbe kapena ku Old Town mu Lilongwe pamakhala atelala ndi makina awo, osoka nsapato, okonza mawotchi ndi mafoni. Dzuwa limamenya pamsewu ndi pakhoma la tsidya lina, kenaka limanjanjira pansi pa khondelo lili lofewa. Imani m'mphepete mwa khonde, msana mutalozetsa kumsewu kapena chammbali pang'ono. Telala akaweramira pa makina, kuwala kumagwera patsaya limodzi, pa tepi yoyezera ili m'khosi, pa zala zokankha nsalu pansi pa singano, ndipo chitseko cha sitolo kumbuyo kwake chimada bii n'kumupatula bwinobwino. Mukaima mkati mwa khonde n'kuloza kunja, zonsezi zimatembenuka: msewu umayera mbee, telala n'kusanduka chithunzithunzi chakuda. Kusiyana kwa zithunzi ziwirizi ndi mapazi anayi basi.

Nthawi ya kuwala kofiirira kwa m'mawa ndi madzulo ndi yaifupi kuno, chifukwa dzuwa limakwera ndi kutsika chamsanga. Ikamakwana 8 koloko m'mawa m'chilimwe lakhala kale laukali, ndipo madzulo likangolowa mdima sutenga theka la ola. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba dzuwa la madzulo, limafiira n'kufewa likadali pamwamba, ndiye cha m'ma 4 koloko mpaka 5 ndi nthawi ya ntchito. Masiku a chiperoni ku Blantyre, mu Juni ndi Julayi, ambiri amasunga kamera m'chikwama, pomwe ndi masiku amene khungu limatuluka bwino koposa: palibe mithunzi yakuthwa, mitundu ya zitenje ndi maambulera imawala, phula lonyowa limanyezimira. Kwezani ISO kufika 800 kapena 1600, musalowetse thambo lambiri mu fulemu chifukwa limangoyera lopanda kanthu. Usiku pansi pa mababu a LED ndi machubu, mukaona mizere yopingasa kapena mtundu ukusinthasintha pa zithunzi zotsatizana, ndi kuphethira kwa magetsi athu a 50Hz. Gwiritsani 1/50 kapena 1/100.

Fumbi lomwelo limalowanso m'kamera. Timadontho totuwa tooneka pamalo amodzimodzi pathambo la zithunzi zonse ndi fumbi la pa sensa. Jambulani khoma loyera pa f/22 mutione tonse. Puzani ndi kapompa ka labala kamera itayang'ana pansi, osati ndi pakamwa, ndipo musasinthe lenzi mutaima padepoti.

Manambala akakhala bwino, zotsala zonse ndi za mapazi. Wojambula watsopano amayenda n'kumasaka munthu wochititsa chidwi, akamupeza amadina osaona zimene zili kumbuyo kwake. Wozolowera amayamba wasankha kumbuyoko: khoma la utoto umodzi, chikwangwani cholembedwa pamanja, mpata wa dzuwa pakati pa mabenchi awiri. Akatero amaika manambala, n'kudikira kuti munthu alowemo. Mphindi 20 pamalo amodzi zimabala zambiri kuposa maola awiri oyendayenda, ndipo anthu a pamalopo amasiya kukuyang'anani. Podikirapo yendetsani diso m'mbali zonse zinayi za fulemu. Mmenemo ndi momwe mumabisala chigongono cha munthu wodulidwa, jumbo yabuluu ya pansi, galasi la galimoto lothwanima. Diso la woonera limathamangira chinthu chowala kuposa zonse, ndiye chikakhala pakona, munthu wanu wataya malo ake.

Mumsika vuto lalikulu ndi kusanjikizana. Mitu itatu ikakhudzana pa chithunzi imasanduka mulu umodzi. Sunthani phazi limodzi kumanja kapena kumanzere kuti pakati pa mutu ndi mutu pakhale kampata. Mayi wogulitsa tomato wakhala pansi, inu mukajambula mutaima mupeza duku ndi dothi. Njutani, kamera ifike pa msinkhu wa maso awo, milu ya tomato ibwere kutsogolo. Woyenda amaoneka wamoyo miyendo ikatang'adza, chidendene chakutsogolo chikungofika pansi. Pogulitsana, kamphindi kake ndi pomwe ndalama ili m'manja awiri onse. Ndipo yandikirani. Chithunzi chojambulidwa ndi zumu kuchokera tsidya la msewu chimadziwika, chimanunkha mantha, ndipo pa foni kutsina sikirini kuti mukuze kumangodula chithunzicho n'kuchiwononga.

Kuyandikira kumafuna moni. Kuno munthu wolozetsa kamera mwakachetechete amafunsidwa msanga kuti, "Achimwene, mukufuna mukatigulitse kuti?" Ndipo funsolo ndi lomveka. "Mwaswera bwanji amayi? Ndimajambula za moyo wa m'tauni muno, mungandilole ndijambule mukugwira ntchito yanu?" Akalola amayamba aima chilili, manja m'mbali, ngati chithunzi cha pa chiphaso. Jambulani chimenecho, muwaonetse, musachoke. Kasitomala akabwera amakuiwalani, ndipo chithunzi chanu chili pamenepo. Akakana, thokozani n'kupita. Mumsika waukulu yambani mwaonana ndi a komiti kapena atcheyamani. Ana musawajambule popanda kholo, ndipo malo a asilikali, a polisi ndi nyumba za boma zotetezedwa asiyeni ngati mulibe chilolezo.

Kubwerera ku nkhani ya kuunika, woyamba kudzudzula ndi mwini wake, koma osati tsiku lomwelo. Mukangobwera kumene, mumakonda chithunzi chifukwa cha thukuta lomwe munakhetsa, kapena nthabwala imene wogulitsa chipisi anakuuzani. Zimenezo woonera sazimva. Garry Winogrand, amene anajambula misewu ya New York, ankasiya mafilimu ake nthawi yaitali asanawatsuke, ndipo pomwalira mu 1984 anasiya mafilimu pafupifupi 2,500 osatsuka. Simukufunika kufika pamenepo. Sabata imodzi ikwanira. Musafufute chilichonse muli mumsewu, kasikirini ka kamera padzuwa kamanama. Pa zithunzi 200 sankhani 20, mugone, mawa lake musiye zisanu. Zisanuzo katsukitseni pa saizi ya masentimita 10x15, chifukwa pepala loyalidwa patebulo limaulula zimene foni imabisa, ndipo lingathe kusunthidwa, kutembenuzidwa, kuphimbidwa mbali ndi dzanja.

Pokumana, anthu anayi kapena asanu akwanira. Mwini chithunzi akhale chete poyamba. Akayamba ndi "apa zimene zinachitika n'zoti", ndiye kuti chithunzicho chalephera kudzilankhulira. Aliyense anene pomwe diso lake linagwera koyamba ndi komwe linapita kenaka. Anthu atatu akati linagwera pa chigubu chachikasu pomwe inu mumajambula mnyamata wonyamula madzi, palibe chotsutsa. Tembenuzani pepalalo chadodolido: nkhope zimasiya kukopa, n'kutsala kuwala, mdima ndi mizere, ndipo mbali yolemera kapena yopanda kanthu imaonekera. Kenaka pemphani zithunzi zoyandikana nacho, zitatu za m'mbuyo ndi zitatu za m'tsogolo. Zimenezi ndizo zimaonetsa khalidwe la wojambula: amene amadina kamodzi n'kuthawa, amene amajambula khumi osasuntha phazi, amene amachoka zinthu zikungoyamba kukoma. Kawirikawiri chithunzi chabwino chimapezeka pafupi ndi chimene mwini wake anasankha. Masukulu a ntchitoyi, monga Market Photo Workshop ya ku Johannesburg imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989, aphunzitsa ojambula ambiri a m'chigawo chino, koma kuyala zithunzi patebulo sikufuna sukulu.

Si kudzudzula konse koyenera kumvera. Amene yankho lake nthawi zonse ndi "gulani full frame", kamera ya sensa yaikulu, sanayang'ane chithunzicho. Amene amayeza chilichonse ndi timizere togawa fulemu patatu, n'kumakana munthu woikidwa pakati, akuwerenga lamulo. Amene amati "chisandutseni black and white" kawirikawiri akufuna kubisa chisokonezo. Kuchotsa mitundu kumathandiza pomwe kuwala ndi mithunzi zili kale ndi mphamvu, ndipo pa msika wa zitenje kumakhala kutaya chakudya chenichenicho. Wounika wothandiza amatchula chinthu chimodzi, amanena chifukwa chake, n'kusiyanitsa zokonzeka pa kompyuta ndi zofuna kubwerera. Nyumba yopendekeka, kuwala kochepa pang'ono, chigongono cha m'mphepete, izi Snapseed, Lightroom kapena darktable ikonza, bola kudulako kusapitirire gawo laling'ono la fulemu. Shata yochedwa, fokasi yophonya, polo ya pamutu, ndi kamphindi kolakwika zimafuna nsapato.

Tulukani pamsonkhanowo ndi chiganizo chimodzi cholembedwa kumbuyo kwa pepala la chithunzicho, chokhala ndi nambala kapena malo: "1/500 m'malo mwa 1/125", "mapazi awiri kumanzere, polo ichoke", "4 koloko osati 12". Loweruka lotsatira bwererani pa khonde lomwelo, lenzi ikadali pa 24mm, musinthe chinthu chimodzi chokhacho. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza. Tengani ndi pepala lina la chithunzi choyamba chija mukawapatse atelalawo, mubwere ndi zithunzi ziwiri, chakale ndi chatsopano, zidzayalidwe moyandikana patebulo.